Nkhope ya pa Kalendala

Kalendala ya chaka cha 2009 inafika ku kiliniki ya pa esiteti ya tiyi mu Disembala, itabwera pamodzi ndi makatoni a mankhwala. Rhoda, namwino mnzake wa Tinenenji amenenso anali msuweni wake, ndiye anadula chingwe n'kuitambasula pa tebulo. Anaiyang'ana kanthawi, kenaka anayamba kuikulunganso mofulumira ngati munthu amene wavundukula mphika wa eni.

"Bwanji?" anafunsa Tinenenji.

"Palibe. Ndi za tiyi zomwe zija."

"Tandipatsa ndione."

Rhoda anabisa kumbuyo, koma Tinenenji anamulanda n'kuitambasula yekha. Pamwamba pa miyezi yonse panali chithunzi chimodzi chachikulu. Phiri la Mulanje linali bii chapatali, ndipo pamwamba pake mlalang'amba unadutsa kuchokera ku ngodya ina kukafika ku inzake, nyenyezi zili mbwee ngati ufa wotayika pa mphasa. M'munsimo munali mizere ya tiyi, ndipo pakati pa tiyiyo panaima mkazi atayang'ana kumwamba, nkhope yake ikuoneka cha m'mbali. Pansi penipeni panali dzina la wojambula: Winston Namakhwa.

Tinenenji anawadziwa malowo. Anaidziwa juzi yobiriwira imene mkaziyo anavala, anachidziwa chitenje, analidziwa ngakhale dzanja lija linagwira chigongono chifukwa cha chisanu. Thupi lonselo linali lake. Koma nkhope sinali yake.

Inali nkhope ya Angella, mtsikana woyera wa pa sitolo ya makompyuta pa boma la Thyolo, amene anaphunzira limodzi ndi Winston ku sekondale ndipo mpaka pano ankamuitana kuti Wini, pamaso pa aliyense.

Tinenenji anapita pa beseni n'kulavula. Ankamva ngati munthu wina wamuvala, ngati mmene munthu amavalira diresi la mnzake osachapa.

"Mwina alakwitsa kosindikizira," anatero Rhoda motsitsa mawu.

"Makina salakwitsa n'kuika mutu wa munthu pakhosi la mnzake, Rhoda."

*

Chithunzicho chinajambulidwa mu Juni, Lachisanu dzuwa litalowa, ndipo pamenepo ndi pamene panagona vuto lonse.

Winston anali mnyamata wa ku Goliati, Mkatolika, amene ankadya za kamera. Ankajambula maukwati, zinkhoswe ndi ana a sukulu, ndipo maukwati ambiri amachitika Loweruka. Bambo ake a Tinenenji, a Fackson, anali kapitawo wa othyola tiyi komanso mkulu wa mpingo wa Seventh Day. Kwa iwo munthu wogwira ntchito pa Sabata sankasiyana kwenikweni ndi woba nkhuku. Winston atatumiza amalume ake kukagogoda pakhomo kufunsira Tinenenji, anangouzidwa kuti, "Tamva, tidzakuyankhani." Yankholo linali lisanabwerebe.

Koma maukwatiwo anali a mimba chabe. Mtima wa Winston unali kumwamba. Chigulireni kamera yake ya kaunjika ku Limbe, ankangolankhula za kujambula nyenyezi pamwamba pa phiri.

"Pamafunika usiku wopanda mwezi," anamuuza Tinenenji tsiku lina, "wopanda chiperoni, komanso anthu asanayambe kutentha tchire, utsi usanadzaze kumwamba. Ukaphonya pamenepo, basi udikire chaka chamawa."

"Ndiye usiku umenewo ndi liti?"

"Lachisanu likubwerali."

"Ukudziwa kuti dzuwa likalowa Lachisanu ine ndalowa mu Sabata."

"Nyenyezizo anazilenga ndani? Iwe ukangoziona basi. Ntchito ndikagwira ndine."

Tinenenji anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunamugwetsa. Kunyumba ananena kuti akatsegulira Sabata kwa Rhoda n'kugona komweko. Anakwera ndi Winston kaphiri ka kuseri kwa fakitale, kumene magetsi sankafika. Winston anaimika kamera pa miyendo itatu yachitsulo, kuiloza ku Mulanje, n'kufotokoza kuti diso la kamera liyenera kukhala chitsegulire nthawi yaitali kuti limwe kuwala pang'onopang'ono. Anajambula phiri lokha kangapo, kenaka anapukusa mutu.

"Chikusowa mwiniwake. Takaima apo."

Tinenenji analowa m'tiyi, mame akumunyowetsa mpaka m'chiuno.

"Usagwedezeke. Usapume n'komwe."

Winston anamuunika kamodzi kokha ndi tochi yokulungidwa mu mpango, n'kuzimitsa. Tinenenji anaima chilili mu mdimamo, mano akugundana, mpaka kamera inalira. Atayang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamerayo anadziona yekha, ndipo pamwamba pake panali nyenyezi zimene maso ake sankaziona n'komwe.

"Ichi n'chathu awiri," anatero Winston akumufunditsa manja m'manja mwake. "Palibe wina adzachione."

Usiku umenewo sanamugwire pena paliponse kupatula manjawo. Anamuperekeza mpaka pa mpanda wa kwa Rhoda n'kubwerera.

*

Tsiku limene kalendala inafika ku kiliniki, inafikanso kwa makapitawo onse. Tinenenji atalowa m'nyumba madzulo anaipeza itapachikidwa kale pabalaza, pa msomali umene pankakhala chipewa cha bambo ake. Pansi pake panakhala a Fackson ndi a Jonas, amalume ake a Tinenenji, amene ndiwo anali ndi mawu omaliza pa za ukwati wake.

Anagwada n'kuwapatsa moni.

"Usapite kaye kukhitchini," anatero a Fackson. "Tayang'ana pakhomapo. Wamudziwa wojambulayo?"

"Ndamudziwa, bambo."

"Nanga mtsikanayo?"

"Ndamudziwanso."

"Chabwino. Ine sindinaphunzire za makamera, koma ndikudziwa kuti nyenyezi siziwala masana. Mwamuna amene anatumiza anthu pakhomo panga kudzafunsa mwana wanga, watenga mwana wa eni usiku n'kupita naye m'tiyi. Ndipo manyazi alibe, walembapo ndi dzina lomwe."

"Chikomekome cha mkuyu," anawonjezera a Jonas akupukuta magalasi awo. "Ifetu tinkachedwa dala kuyankha, mwanawe. Mulungu watiyankhira yekha. Mawa ndikutumiza uthenga ku Goliati kuti asavutikenso."

"Amalume, bwanji mudikire kaye timve mbali yake?"

"Mbali yake ndi imeneyo yapachikidwa pakhomayo. Ukufuna ina iti?"

Tinenenji anayang'ana pansi. Ankafuna kulankhula, koma ankadziwa mtengo wake. Akanena kuti mkazi wa m'tiyiyo ndi iyeyo, ndiye kuti wavomera kuti ananama, anaswa Sabata, ndipo anali ndi mwamuna kutchire usiku. Akakhala chete, Winston ndi wachimasomaso ndipo nkhani yatha.

"Aphunzitsi a Douglas anandifunsanso za iwe ku tchalitchi," anatero a Fackson, mawu atafewa. "Munthu wa mumpingo, woimbitsa kwaya, wa ntchito yooneka. Amene uja sangakuchititse manyazi."

Tinenenji anaganiza za Douglas, mmene ankagwirira dzanja la munthu osalisiya popereka moni, chikhatho chake chili nyowe ndi thukuta.

Kukhitchini mayi ake anali akusadzula masamba a nkhwani. Sanatukule mutu.

"Tseka chitseko," anatero. Tinenenji anatseka. "Juzi ija ndinaluka ndine. Ulusi unandithera pa dzanja la kumanzere, ndinamalizira ndi wina wosiyana pang'ono. Abambo ako sangazione zimenezo, koma ine ndaziona. Unamubwereka mtsikana ameneyu?"

Tinenenji sanayankhe.

"Ndiye usayankhe choncho mpaka kalekale. Abambo ako akhala mkulu wa mpingo kuyambira iwe uli kumsana. Zikamveka, awatsitsa pa mpando, iwe akuika pa chilango, ndipo ine ku gulu la amayi la Dorika sindidzapondakonso. Juziyo uibise pansi pa sutikesi."

*

Foni yake inali italira kangapo m'thumba. Atalowa kuchipinda anapeza kuti Winston anamuflasha katatu n'kutumiza uthenga.

"Tine, waiona? Usakwiye usanandimve. Ndikufotokozera zonse."

Anayankha kuti: "Wachita zimenezi ndani?"

Panapita nthawi. Kenaka: "Si za pa foni. Tikumane Lachinayi pa boma."

"Ndakufunsa kuti ndani."

"Lachinayi, chonde. Ndimakukonda."

Tinenenji anazimitsa foniyo n'kuiponya kumiyendo kwa bedi. Mumtima mwake anali atagamula kale mlandu. Angella ndiye ankakhala pa kompyuta tsiku lonse. Winston analibe kompyuta yake, zithunzi zake zonse ankakakonzera pa sitolo imeneyo. Mtsikanayo ayenera kuti anapeza chithunzicho, nsanje n'kumugwira, n'kuchita zonyansazo Winston asakudziwa. Maganizo amenewa anamuthandiza kugona.

*

Lachinayi Tinenenji sanadikire kukumana ndi Winston. Anatsika minibasi pa boma m'mawa n'kulunjika ku sitolo ya makompyuta. Munali fungo la mapepala otentha ndi mafuta odzola onunkhira mopyola. Angella anali yekha, akupenta zikhadabo, kalendala ija ili pakhoma kumbuyo kwake.

"Anamwino," anatero akumwetulira. "Mwabwera kudzataipitsa kapena kudzafotokopa?"

"Ndabwera kudzafunsa za mutu wanga."

Angella anaseka n'kuuzira zikhadabo zake.

"Khalani pansi, achemwali. Mutu wanu ulipo, sitinautaye."

Anakoka mpando, n'kugwedeza kambewa ka kompyuta. Pa galasi panatuluka chithunzi chija, chachikulu kuposa cha pa kalendala.

"Anthu amaganiza kuti kamera ndiyo imagwira ntchito," anatero Angella. "Ntchito ili pano. Chithunzichi chinabwera chakuda ngati kunsi kwa poto. Onani." Anadina, ndipo kumwamba kuja kunazilala, nyenyezi zinachepa, phiri linasowa mu mdima. Anadinanso, zonse zinabwerera. "Tinawalitsa mlalang'amba, tinadetsa phiri kuti lioneke bwino. Apa panali mtengo wa magetsi, tinauchotsa. Apa panali kuwala kwa galimoto, tinakufufuta. Chilichonse chimene chikuipitsa chithunzi chimachotsedwa."

Anadinanso kachitatu. Mkazi wa m'tiyi uja anatsala wopanda mutu. Khosi linathera m'mwamba, ndipo pamene panayenera kukhala nkhope pankaoneka nyenyezi. Kenaka Angella anatsegula kabokosi kena pa ngodya. M'menemo munali nkhope ya Tinenenji yokha, yodulidwa mozungulira kuyambira pachibwano mpaka kutsitsi, itagona cham'mbali pa malo oyera, maso ali m'mwamba, ikumwetulira.

Tinenenji anali ataona zilonda zamitundumitundu pa ntchito yake osatembenuza nkhope. Koma ichi chinamuchititsa kuyang'ana kumbali. Chinamukumbutsa mitu ya mbuzi imene amaiyala pa tebulo kumsika, ntchentche zikuizungulira.

"Ulibe manyazi," anatero Tinenenji. "Munthu wakusungitsa zithunzi zake, iwe n'kumuba kuseri."

"Kuseri?" Angella anatukula nsidze. "Ine kudula mozungulira tsitsi sinditha, dzanja langa limanjenjemera. Amene anakudulani ndi Wini. Anakhala pa mpando mwakhalapowo, madzulo angapo titatseka sitolo. Nkhope yangayi anandijambulanso yekha kuseri kwa sitolo kuno, ndi katochi kake ka mu mpango, kuti kuwala kufanane. Ankati ndisagwedezeke, ndisapume n'komwe."

"Ukunama."

"Mufunseni. Si uyo akubwerayo."

Winston anaima pakhomo, chikwama cha kamera chili paphewa. Anayang'ana Tinenenji, anayang'ana pa galasi la kompyuta pamene mutu uja unali chigonere, ndipo nkhope yake inagwa. Tinenenji sanafunikenso kufunsa.

*

Tinenenji anatuluka. Winston anamutsatira mpaka pansi pa mtengo wa bulugama pafupi ndi siteji ya minibasi.

"Tine, ndimve kaye."

"Lankhula. Makutu unandisiyira."

"A ku ofesi ya esiteti ankafuna chithunzi cha kalendala. Ndinawapititsira za phiri lokha. Bwana wake akuyang'ana mu kamera anapitirira mpaka anafika pa chako. Anati akufuna chimenecho, apo ayi basi. Ukudziwa chimene kalendala imeneyi ikutanthauza kwa ine? Dzina langa lili mu ofesi iliyonse kuyambira kuno mpaka ku Blantyre. Anthu a malo ogona alendo ayamba kale kundiimbira. Ndikhoza kusiya maukwati a Loweruka, Tine. Abambo ako sadzakhalanso ndi chonena."

"Unati n'chathu awiri."

"Ndinatero. N'chifukwa chake sindikanalola kuti nkhope yako ituluke. Ndinkakuteteza."

"Unkanditeteza." Tinenenji anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Foni unali nayo. Kwathu ukukudziwa, ku kiliniki ukukudziwa. Sunabwere kudzandifunsa. Unapita kwa Angella."

"Ndikanakufunsa ukanakana."

"Eya, ndikanakana. Ndiye unaona kuti kuli bwino undidule khosi."

"Ndi chithunzi chabe."

"Usiku uja sunanene kuti ndi chithunzi chabe. Ine ndinanamiza mayi anga chifukwa cha chithunzi chimenecho. Ndinaswa Sabata koyamba chibadwire. Ndinaima m'mame ngati chitsiru, osapuma, chifukwa iwe unati ndisapume. Ndiye mawu omwewo unakamuuzanso uyo kuseri kwa sitolo. Pa atsikana onse a m'Thyolo muno, unasankha amene amakuitana kuti Wini."

"Anadzipereka yekha. Anati akungothandiza."

"Ndipo iwe unakhulupirira."

Winston anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa. Tinenenji anabwerera m'mbuyo ngati dzanjalo lili ndi matope a m'ngalande.

"Usandigwire. Ndikaona zala zakozo ndikuona zikuzungulira chibwano changa."

Winston anabweza dzanjalo n'kuliika m'thumba. Maso ake anali atafiira.

"Amalume ako atumiza uthenga kwathu," anatero. "Akuti tisavutikenso. Ndimaganiza kuti ndikutseka dzenje, osadziwa kuti ndikukumba lina. Ndichite chiyani, Tine? Chilichonse unganene."

Kondakitala ankaitanira anthu a ku Bvumbwe ndi Limbe. Chimene chinkamunyansa kwambiri Tinenenji chinali chakuti, pansi pa mkwiyo wonsewo, ankamufunabe munthu wopusayu. Ndiponso ankadzinyansa yekha, chifukwa masiku onsewa anakhala chete pabalaza pamene bambo ake ankatchula Winston kuti wachiwerewere, iye akudziwa zoona.

"Chithunzi chenicheni chilipo?" anafunsa. "Chopanda manja a munthu?"

"Chili pa sidi kunyumba. Ndinasindikizanso chimodzi, ndimasunga m'chipinda."

"Lamulungu ndibwera kudzatenga. Ndikawaonetsa amalume ndekha."

"Akuika pa chilango. Abambo ako..."

"Amalume si mpingo. Ndikawauza paokha, ndi mawu anga, pa nthawi yanga. Akakwiya, koma ndi munthu wosunga za m'banja. Zikakhala pakati pa ine ndi iwo, abambo sizikawakhudza. Koma usaganize kuti ndakukhululukira. Ndikungofuna mutu wanga ubwerere pamalo pake."

*

Loweruka ku tchalitchi anakhala kumbuyo. Potuluka, Douglas anamudikirira pa masitepe n'kumugwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Mlongo Tinenenji, ndamva zimene zakuchitikirani. Pepani kwambiri. Anthu akunja ndi choncho, sadziwa kusunga mtima wa munthu. Ine ndakhala ndikukupemphererani."

"Zikomo, aphunzitsi."

"Mawa madzulo ndikhoza kudzacheza kunyumba? Abambo anandilola kale."

"Mawa ndili ndi ulendo."

Anasolola dzanja lake movutikira. Atakhota kuseri kwa tchalitchi analipukuta pa chitenje mpaka chikhatho chinatentha.

*

Lamulungu ananena kunyumba kuti akukagula nyemba ku msika wa Goliati. Linali bodza lachiwiri, ndipo anadzilonjeza kuti ndi lomaliza. Anatsika pa matola n'kuyenda kanjira kodutsa m'minda ya chimanga chofika m'mawondo, mpaka anaona denga la malata la kwa mayi ake a Winston.

Anaima asanafike pa mpanda. Pa mtengo wa mapeyala panatsamira njinga zitatu zachilendo. Pakhonde panali mipando, ndipo pa mipandoyo panakhala azibambo ovala majekete, zipewa zili pa mawondo. A Doris, mayi ake a Winston, anakhala pa mphasa atagwira tsaya. Pambali pawo, atafunda chitenje kumutu ngati mkwatibwi wamanyazi, maso ali pansi, panakhala Angella. Zikhadabo zija anali atazifufuta.

Winston anaima yekha pakati pa bwalo.

Bambo wina wamtali wa imvi anali atatambasula kalendala pa mawondo ake, akuimenya ndi chala. Tinenenji anawazindikira. Anali a Chancellor, amalume ake a Angella, dikoni wa mpingo wa Seventh Day ku Kapichi, amene ankagona kunyumba kwa a Fackson nthawi iliyonse ya msonkhano wa misasa.

"Ife sitinabwere ndi nkhondo, mayi," ankatero a Chancellor. "Koma mwana wanu watenga mwana wathu usiku n'kupita naye kutchire. Sizinamukwanire, wamupachika m'maofesi onse kuti dziko lione. Lero mwamuna wanzeru angabwere kudzafunsira mtsikana ameneyu? Amene waswa mphika ndiye amatola mapale. Tikufuna timve tsiku la chinkhoswe."

"Bambo, ndanena kale," anatero Winston, mawu atauma. "Angella sanapite nane kulikonse. Nkhope yokhayo ndiyo yake. Tinachita kuikapo pa kompyuta. Iye akudziwa."

"Angella," anatero a Chancellor osatembenuka, "n'zoona zimenezi?"

Angella anakoka chitenje n'kubisa nkhope. Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Anandiuza kuti ndisauze munthu, amalume," anatero ndi mawu a misozi.

Tinenenji anagwira nsungwi ya mpanda.

"Wamva," anatero a Chancellor. "Koma tisakuweruze usanamalize. Ukuti thupili si la mwana wathu. Chabwino. Thupi lililonse lili ndi mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo ali ndi makolo. Titchulire dzina lake, tipite tonse lero lomwe tikamufunse pamaso pa abambo ake. Akavomera, ife titenga njinga zathu."

"Tchula, mwana wanga," anachonderera a Doris. "Ngati alipo, tchula."

Winston anapukuta thukuta pachipumi, n'kuyang'ana kumbali ngati wofuna pothawira, ndipo maso ake anagwera pa mpanda. Anaumirira pomwepo. Mmodzimmodzi, anthu onse a pakhonde anatembenuka kutsatira maso akewo.

A Chancellor anavala magalasi n'kusuzumira. Nkhope yawo inamasuka.

"Kodi uyu si mwana wa a Fackson, mkulu wathu wa mpingo? Mulungu ndi wabwino. Lowa, mwanawe, usaime kunja ngati mlendo. Tinamva kuti mnyamatayu anakunamizanso iwe." Anakoka mpando wopanda munthu n'kuuika pafupi ndi iwo. "Khala apa. Iwe ndi mwana wa m'nyumba yopemphera, sunganame. Ukhale mboni yathu, ndipo madzulo ano ndikuperekeza ndekha, tikawafotokozere abambo ako zonse zimene zilankhulidwe pano."